Chiwindi cha Mng'ono Wanga Wosamwa Mowa

"Tikonole?" anafunsa Che Yusufu, mwini chigayo, dzanja lili kale pathumba langa la chimanga.

"Ayi. Gayani choncho."

"Chonsechi?"

"Chonse."

Anandiyang'ana ngati ndamutukwana. Amayi atatu amene anakhala pamatumba awo kudikirira anasiya nkhani yawo. Mmodzi mwa iwo, mayi a Esinati, tinakulira limodzi ku Malemia, ndipo pakamwa pawo sipanakalambe.

"A Wedisoni, mgaiwa thumba lonse? Mwatsegula ndende kunyumba kwanu?"

Anzawo anaseka.

"Si wanga."

"Nanga ngwa ndani?"

"Wa Dayitoni."

Kuseka kunathera pomwepo. Che Yusufu anayatsa makina. Phokoso linatithandiza tonse.

Linali Lachiwiri la sabata ino. Inu amene mumawerenga tsamba lino mukudziwa kuti sindikonda kulemba za kunyumba kwathu. Lero ndilemba. Ndinalakwa, ndipo kulakwa kwangako ambiri a inu muli nako.

Dayitoni ndi mng'ono wanga, wondiponda pamutu. Ndi mkulu wa mpingo kutchalitchi kwathu. Anayendetsa minibasi zaka zambiri pamsewu wa Zomba ndi Liwonde, kenako anatsegula golosale pamsika. Mowa sanaulawepo chibadwire. Ngakhale paukwati, akamva kuti thobwa lagonera masiku atatu, amalikana.

Ine ndinamwa. Kachasu, masese, chilichonse chimene chinali m'chipanda. Mowa ndinausiya pamene mdzukulu wanga woyamba anabadwa, koma mbiri siisiya munthu msanga.

Ine ndine woonda ngati bango. Dayitoni akakwera kabaza, tayala la kumbuyo limadandaula. Ndipo thupi limenelo tinkalinyadira tonse. Ndimakumbukira Khirisimasi imene anabwera koyamba ali ndi mimba. Malemu amayi athu analulutira pabwalo. Anamusisita ngati khanda, n'kunena kuti, "Mwana wanga wapeza bwino." Ine ndinawonjezera kuti, "Awa ndiye mabwana." Tinamuphera nkhuku. Ufa tinakapempha woyera kwa anansi, chifukwa bwana sadya mgaiwa.

Mwezi watha anayamba kutopa popanda chifukwa. Kumanja, pansi pa nthiti, kunkamulemera. Anapita kuchipatala ku Zomba, anamuunika m'mimba ndi makina. Anamuuza kuti chiwindi chake chadzaza mafuta ndipo chatupa. Anamupatsa tsiku loti abwererenso.

M'chigwa muno nkhani imathamanga kuposa njinga yamoto. Patapita masiku ochepa kunagwa maliro. Amuna tinakhala pansi pa mtengo wa mango kudikira kuti manda athe. Wina anandiyandikira.

"Achimwene anu aja akuti ndi chiwindi? Munthu wosamwa?"

Ndinayankha kuti, "Munthu anganame kutchalitchi. Chiwindi sichinama."

Anaseka mobisa, poti panali pamaliro. Ine ndinamva kukoma. Ndisabise. Zaka zambiri Dayitoni ankandilalikira za mowa, nthawi zina pamaso pa ana anga. Tsiku limenelo ndinaona ngati ndabweza.

Mawu amenewo sanakhale pansi pa mango. Anafika kwa akulu anzake a mpingo. Anafika kwa mkazi wake, alamu anga, mayi a Tamala. Ena anayamba kunena kuti kuseri kwa golosale kumakhala kabotolo kobisa. Wina anati anakaona ndi maso ake.

Dayitoni anasiya kundipatsa moni. Zimenezo ndikanapirira. Choipa ndi ichi: anakana kubwerera kuchipatala. Anati madokotala alakwitsa. Kwa iye, kuvomera matenda a chiwindi kunali kuvomera kuti amamwa. Kabuku kake ka kuchipatala anakatsekera m'Baibulo, n'kupitiriza moyo wake monga kale.

Pakamwa panga panamutsekera khomo la chipatala.

Kenako mantha anandigwira ine. Ndinati, ngati chiwindi cha wakumwa mobisa chatero, nanga changa, cha wakumwa poyera, chili bwanji? Lachisanu lapitalo ndinakwera minibasi kupita ku Zomba.

Anandiona ndi dokotala wamkazi, wa msinkhu wa mwana wanga woyamba, wosakonda kuzungulira. Tinamvana. Atandiunika anati, "Bambo, chanu chili ndi zipsera za mowa. Munachita bwino kusiya. Musadzayambirenso."

"Mng'ono wanga chake chili ndi mafuta. Ndiye kuti amamwa?"

"Za wodwala wina sindinena. Za chiwindi funsani."

"Chabwino. Munthu wosamwa angadwale chiwindi?"

"Ambiri. Ena ndi matenda olowa m'magazi, amenewo timayeza. Koma amene ndikuwaona kawirikawiri masiku ano ndi a mafuta, ndipo ambiri mwa iwo botolo la mowa salidziwa."

Ndinamuuza zimene ndinanena kumaliro. Sanaseke.

"Mumalima chiyani, bambo?"

"Mpunga."

"Munda wanu uli pati pa ngalande?"

"Woyamba. Madzi akachoka mumtsinje amayambira kwa ine."

"Mvula ikagwa kuphiri, zinyalala zimafikira kwa ndani?"

"Kwa ine. Matope, mapulasitiki, zonse."

"Chiwindi ndi munda woyamba. Magazi ochokera m'matumbo amayamba afika kuchiwindi asanapite kwina kulikonse. Chimene chili m'matumbo, chiwindi ndicho chimayamba kuchilandira."

Pamenepo ndinamva. Anapitiriza, ndipo ndikuuzani monga ndinamvera ine, munthu wolekeza sitandade sikisi.

Anati m'matumbo mwa munthu aliyense muli tizilombo tosaoneka ndi maso, tochuluka kosawerengeka. Ine ndinati, "Njoka zam'mimba?" Anati ayi, izo ndi zina. Timeneti tambiri ndi tabwino, timakhala nafe kuyambira kuukhanda mpaka kumanda. Timadya zimene mimba yathu singathe kugaya: madeya a chimanga, makoko a nyemba ndi nandolo, ulusi wa m'masamba ndi m'zipatso. Tizilomboti tikakhuta zimenezi timatulutsa zinthu zolimbitsa khoma la matumbo, ndiponso zothandiza thupi kudziwa kuti lakhuta.

Ukatimana, n'kumangothira shuga, ufa woyera, buledi ndi zokazinga, tabwino timachepa ndipo mitundu ina imachuluka. Khoma la matumbo limafooka, ngati mzere wa m'munda wa mpunga umene nkhanu zaubowola. Zoipa zimene zimayenera kutuluka ndi chimbudzi zimadutsira m'magazi. Zimafikira kuti? Kumunda woyamba. Chiwindi chimatupa, mafuta amaunjikana.

"Kwa anthu ena," anatero, "tizilombo tina timasandutsa shuga kukhala kamowa pang'ono m'matumbo momwemo."

Ndinaseka koyamba tsiku limenelo. "Ndiye mkulu wa mpingo ali ndi mbiya yofululira m'mimba?"

"Zimenezo musakanene kumaliro."

Ndinasiya kuseka.

Ndinamufunsa za makapisozi. Dayitoni ali ndi chizolowezi. Mwezi uliwonse amameza makapisozi awiri atatu, akuti kutsuka m'mimba. Si iye yekha. Ambiri kuno timatero, mimba ikangolira pang'ono. Dokotala anagwira mutu. Anati mankhwala amenewo ndi opha tizilombo pamene munthu akudwaladi ndipo wayezedwa. Sasankha. Amapha toipa ndi tabwino tomwe. Anati kuli ngati kutentha tchire lonse kuti ugwire mbewa imodzi.

Sananene kuti tizilombo ndito tokha. Anati akatswiri akufufuzabe, ndipo zambiri sizinadziwike. Anatchulanso kunenepa kwambiri, kukhala pampando tsiku lonse, matenda a shuga, ndi magazi a kumtundu. Koma zonsezi, anati, zimakokerana ngati ng'ombe za pangolo imodzi.

"Chimachira?"

"Chikapezeka msanga, mafuta amatha kuchoka. Munthu achepetse thupi pang'onopang'ono, aziyenda, asiye zotsekemera, adye zamakoko ndi zamasamba, azibwera tizimuona. Chikachedwa chimauma, mimba imadzaza madzi. Pamenepo ife tomwe timavutika."

"Kuchedwa kwake ndi liti?"

"Chiwindi sichikuwa, bambo. Chimawonongeka chili chete."

Pobwerera ndinakhala pawindo, ndikuyang'ana phiri.

Phiri limenelo tinkalikwera ndi Dayitoni tili ana. Nyengo ya masuku tinkanyamuka mame asanaume, aliyense ndi kadengu kake. Iye anali woonda kuposa ine, ndipo ankandisiya kumbuyo. Ankafika pamwamba, n'kukhala pamwala, n'kumandiponyera njere za masuku pamutu. Tinkadya mpaka milomo kumata. Pobwerera tinkadutsa pa mtengo wa bwemba, ndipo ankayamwa bwemba mpaka mano kuchita dzanzi, madzulo osatha kutafuna.

Kunyumba kunali mgaiwa. Tinkaudandaula. Ndiwo zinali zimene nthaka yapereka mwezi umenewo: chisoso, bonongwe, kholowa, chigwada chosinja mumtondo. Chilimwe amayi ankatsitsa chikwatu cha mfutso padenga la khitchini, n'kutendera ndi nsinjiro. Nandolo anali wosatha, wamuwisi ndi wouma yemwe. Anansi athu achilomwe ankatipatsa nyemba za kalongonda zimene ankaphika tsiku lathunthu. Mpunga tinkapuntha tokha, ndipo unkatuluka wofiirira, osati woyera ngati mano a m'chithunzi. Kumunda tinkanyamula thobwa la mawere, lowawasa, lopanda shuga. Shuga anali wa tsiku la Khirisimasi ndi wa alendo.

Ndipo kulikonse tinkayenda pansi. Ku Malosa pansi. Kumsika pansi. Ndi katundu pamutu.

Musandimve molakwa. Sindikunena kuti kale kunali kumwamba. Kunali njala. Kunali njoka zam'mimba zenizeni, matekenya ndi mphere. Tinaika m'manda ana ambiri amene lero akanachira ndi jakisoni mmodzi. Amene amati kale zonse zinali bwino sanagone ndi njala m'mwezi wa Febuluwale.

Koma pa chinthu chimodzi tinali olemera osadziwa. Tinkadyetsa tizilombo tija. Mbale yathu inali ya osauka, koma m'matumbo munali phwando.

Ndiye tinasiyira pati?

Tinasiya tsiku limene tinagwirizana kuti choyera ndicho chaulemu. Chimanga timachikonola, timachiviika, timachitsuka, timachiyanika, mpaka chatsala choyera chopanda kanthu. Madeya timapatsa nkhuku. Otsala amagula ofulula kachasu. Onani nkhuku za kuchigayo kwa Che Yusufu, mmene zikuwalira nthenga. Zikudya zimene ife tataya.

Mlendo akabwera, ndani angamuikire chisoso? Anganene kuti tamunyoza. Timathamangira tchipisi ndi botolo la zoziziritsa kukhosi. Mwana akakhoza mayeso, botolo. Paukwati, makireti. Ngakhale thobwa lenilenilo masiku ano timalithira shuga mpaka supuni kuima.

Ndipo tamvani moni wathu. "Mwanenepatu, zikuyenda!" Munthu amamwetulira. Mukamuuza kuti waonda, mwamupatsa nkhawa ya sabata yathunthu. Ndikudziwa kumene zinachokera. Tinadutsa zaka zimene kuonda kunali chizindikiro cha matenda aja, pamene tinkaika anzathu m'manda Loweruka lililonse. Kuyambira pamenepo thupi lalikulu linakhala kalata yotsimikiza kuti uli bwino. Mantha amenewo ndi oona. Koma kodi tithawe dzenje limodzi pogwera m'linzake?

Chimene chikundiwawa kwambiri ndi mwambo wathu wozonda odwala. Ndi mwambo wabwino, ndipo usathe. Koma tayang'anani m'dengu. Buledi woyera. Paketi ya shuga. Majarini. Mabotolo awiri a zotsekemera. Kaya munthu akudwala malungo, kaya wathyoka mwendo, kaya ndi matenda a shuga enieniwo, dengu ndi lomwelo. Ndipo wodwala ayenera kulawa obweretsa asanachoke, apo ayi wanyoza. Chakomachakoma pusi anagwa chagada. Ife timamukankha pusiyo ndi manja achikondi, tikuimba nyimbo.

N'chifukwa chake ndinali kuchigayo Lachiwiri.

Lachitatu masana ndinamanga dengu panjinga. Munali ufa wa mgaiwa, nandolo wouma, mfutso wa khwanya, ndi chigubu cha thobwa limene mwana wanga wamkazi anaphika. Ndinamuuza kuti asathire shuga. Anandifunsa kawiri ngati wamva bwino.

Ndinapeza anthu. Pakhonde panali nsapato zambiri. M'nyumba munali amayi anayi a kumpingo ndi a Nyirongo, mkulu wa mpingo mnzake wa Dayitoni, mphunzitsi wopuma ntchito. Anabwera kudzazonda. Ena amati anabweranso kudzaona ngati m'nyumbamo mukununkha kanthu. Anali atangomaliza pemphero.

Patebulo panali buledi, shuga ndi mabotolo anayi. Limodzi linali lotsegula kale, m'dzanja la Dayitoni. Anali atakhala pampando wake waukulu, nkhope yotuwa. Atandiona anayang'ana kukhoma.

Alamu anandilandira pakhomo. Sanandilandire dengu.

"Mwabwera, alamu."

"Ndabwera."

Ndinalowa, ndinaliika pansi pafupi ndi tebulo. Alamu anavundukula nsalu. Anatapa ufa ndi zala, anauyang'ana, anaubwezera.

"Alamu, kutinyoza kumaliro sikunakukwanireni? Lero mwatibweretsera chakudya cha akaidi, pamaso pa alendo?"

"Ndi cha Dayitoni."

"Bambo a Tamala sanasauke. Ufa woyera ulipo m'nyumba muno."

"Ndikudziwa. Vuto lake ndi lomwelo."

"Mukufuna aonde? Anthu anena kale kuti amamwa. Akaonda anena kuti ndi matenda aja. Titsala ndi dzina lanji ife?"

Mawu awo sanali mkwiyo wokha. Anali mantha a mkazi amene wasamala mwamuna zaka makumi atatu ndi zabwino zonse zimene ankazidziwa.

Ine si munthu wa mawu ambiri. Kuyankhula pagulu kumandivuta. Koma amene anatseka khomo ndi ine. Ndinavula chipewa.

"A Nyirongo. Amayi. Ndili ndi mawu."

A Nyirongo anakonza magalasi. "Nenani, a Wedisoni."

"Kumaliro kuja ndinanama. Dayitoni samwa. Sanamwepo. Woledzera m'banja mwathu anali mmodzi, ndi ine. Ndinayankhula ndi nsanje. Mukauze amene munawauza."

Mayi wina anakokera mpango wake kumaso.

"Tamva," anatero a Nyirongo pang'onopang'ono. "Koma mutithandize. Ife timadziwa kuti chiwindi chimapsa ndi mowa. Nanga ichi chatani?"

"Ndinapita kuchipatala Lachisanu. Ndinafunsa. Akuti chiwindi cha wosamwa chimadwalanso. Mafuta."

"Ochokera kuti?"

Ndinayesa kunena za tizilombo, za khoma la matumbo, za munda woyamba pa ngalande. Sindinanene bwino ngati dokotala uja. Mawu ankathawa. Mayi wina anafunsa ngati tizilomboto tingachoke ndi makapisozi, ndipo ndinati makapisoziwo ndiwo akutha tabwino. Pomaliza ndinangoloza ndi chala.

"Mpando uwo. Ufa woyera. Tchipisi. Ndi izi."

Chala changa chinali pa mabotolo.

Mayi wamkulu pagululo, amene ananyamula mabotolowo pamutu kuchokera kumsika, anadzuka theka.

"Ndiye mukuti ife tabwera kudzapha abambo athu?"

"Ayi, mayi. Simunadziwe. Nanenso sindinkadziwa. Amene anayamba kumutcha bwana chifukwa cha mimba ndi ine."

Anakhalanso pansi. Anayang'ana mabotolo ake nthawi yaitali.

Tonse tinatembenukira kwa Dayitoni. Botolo linali m'dzanja lake, thovu likukwera pang'onopang'ono. Mwambo umati alawe. Alendo anali asanachoke. Kulibweza patebulo kunali kunyoza amayi anayi a mpingo wake. Kumwa kunali kundiuza ine kuti ndinyamule dengu langa ndizipita.

Anayang'ana botolo. Anayang'ana dengu. Ine sanandiyang'ane.

"Amayi," anatero, "zikomo. Mwandikonda, ndipo ndalandira. Izi amwa adzukulu Lamulungu, pang'onopang'ono." Analiika patebulo. "Mayi a Tamala, tandipatsani kapu."

Alamu anazengereza. Kenako anabweretsa. Dayitoni anawerama movutikira, anatsegula chigubu, anathira. Anamwa kamodzi. Nkhope inakwinyika.

"Lopanda shuga. Ngati nkhope ya mwini wake."

A Nyirongo anaseka, amayi aja anatsatira. Ngakhale alamu anabisa pakamwa ndi chitenje. Dayitoni anamwanso, ulendo uno mochedwa, ngati munthu amene akumvetsera kanthu kakutali.

"Ndi la mawere," anatero motsitsa. "Ngati la amayi, la kumunda."

Kenako anatembenukira kwa mkazi wake.

"Mayi a Tamala, m'Baibulo langa muli kabuku. Pa Masalimo. Katulutseni."

Kabuku kanabwera. Anakatsegula, anawerenga tsiku limene anamulembera, limene linadutsa kale. Anakaika m'thumba la malaya.

Pamenepo ndi pamene anandiyang'ana, koyamba m'mwezi wathunthu.

"Achimwene, masuku kuphiri kuja akadalipo?"

Ndinagwedeza mutu kuvomera.

"Chaka chino sindingafike. Mwina chamawa." Anapukuta pakamwa. "Lachisanu ndikupita ku Zomba. Kuchoka pano kukafika pasiteji ndi mtunda kwa munthu ngati ine. Kabaza musaitane. Mubwere m'mawa, tiyende. Koma musandisiye kumbuyo."

Akulu amati chibale ndi fupa, sichiola. N'zoona. Koma chiwindi si fupa. Inu amene muli ndi dengu la wodwala pakhomo sabata ino, mwaikamo chiyani? Ndipo amene munamva mawu anga pansi pa mango paja n'kuwanyamula, awa a lerowa muwanyamulanso?

Alamu anakhuthulira ufa m'beseni lawo, n'kundibwezera dengu ndi manja awiri. Anafunsa ngati ndidikire tiyi. Kenako anakumbukira shuga, n'kusiya chiganizo panjira.

Dayitoni ankadikira yankho langa. Ndinangogwedeza mutu kuti ndibwera. Pakamwa pomwepa panalakwa kale kokwanira.

Ndinavala chipewa. Ndinamanga dengu panjinga. Sindinakwere. Ndinaikankha mpaka kumsewu.